Ziro wa Bambo Alufandika

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha dzanja langa polemba. Chaka chimene madzi a Shire anatithamangitsa m'mudzi tinakhala masabata angapo pa sukulu ya pulayimale kumtunda, ndipo popeza ndinali nditangomaliza Fomu 4, anandipatsa kope kuti ndizilemba mayina a mabanja olandira ufa ndi mabulangete. Kuyankhula pagulu sindinkatha, koma kulemba ndinkalemba mosamala, mzere uliwonse ndi rula. Namwino wina wamkulu, Mayi Khembo, ankabwera pamsasapo kudzaona odwala. Tsiku lina anatenga kope langa, kutembenuza masamba atatu, n'kundibwezera. Patapita miyezi inayi anatuma munthu kuti ndikawapeze.

Anali atatsegula kachipinda kuseri kwa chipatala chaching'ono cha m'dera lathu, kothandizira anthu amene mowa kapena chamba chawagwira. Odwala sankagona pamenepo. Ankabwera, kuthandizidwa, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Nditalowa sanafunse za satifiketi. Anandiyandikira n'kundinunkhiza, kenako anati, "Tambasula manja." Anayang'ana zala zanga kwa kanthawi.

"Miyezi itatu yoyeserera," anatero. "Ukandinamiza kamodzi, upita."

Kunyumba amayi anga sanakondwere kwenikweni. "Si kumeneko amatengera anthu ku Zomba?" anafunsa. Anthu ambiri ankaganiza choncho. Ena ankati mayina a osuta chamba timawapereka kupolisi. Ena ankati mapiritsi athu amapha mphamvu za abambo. Ife tinkakayikira odwala, odwala ankakayikira ife, ndipo amene ankawaperekeza ankakayikira tonse.

Pakhoma la kachipindako Mayi Khembo anajambula makwerero a masitepe anayi. Sitepe yoyamba inali ya anthu obwera kamodzi pa sabata, Lachinayi, kudzalandira uphungu ndi kukhala pagulu ndi anzawo pansi pa mtengo wa nimu. Yachiwiri inali ya obwera m'mawa uliwonse ndi wowayang'anira, kuyezedwa BP ndi kumwa mapiritsi namwino akuona. Yachitatu inali yogonekedwa ku chipatala cha boma kwa masiku angapo, mpaka thupi litazolowera kukhala lopanda mowa. Yachinayi ndiyo imene anthu ankaiopa, yotumizidwa kutali, ku Zomba, ku chipatala cha matenda a m'maganizo, ngakhale kuti ochepa kwambiri ankafikako.

Kuti munthu ayikidwe pa sitepe iti, zinkachokera pa fomu ya mafunso khumi ndi awiri. Fomuyo ndiyo inali ntchito yanga. Ndinkafunsa, kulemba, n'kuika mu failo, ndipo Mayi ankawerenga asanaone wodwala. Mafunso awiri anawalemba mzere wofiira kunsi. Lachisanu ndi chinayi: mukadzuka m'mawa, kodi manja amanjenjemera mpaka mutamwako? Lakhumi: munagwapo n'kuyamba kuphupha ngati wa khunyu mutakhala masiku osamwa?

"Mowa wa zaka zambiri savula ngati malaya," anandiuza sabata yoyamba. "Thupi likauzolowera, kuusiya mwadzidzidzi kumapha. Amene wayankha eya pa awiriwa sabwerera kwawo ndi malangizo okha."

Ndinagwedeza mutu. Ndinazilemba m'kope langa. Koma zinali mawu chabe, monga zimene tinkaloweza kusukulu.

Chimene chinanditenga mtima chinali kamakina koyezera mowa mu mpweya. Kanali kakang'ono ngati foni, kokhala ndi timapaipi tapulasitiki tosintha munthu aliyense akauzira. Odwala ankakatcha kapolisi. Munthu ankauzira mpaka kalire, kenako nambala inkaoneka pagalasi. Ziro ankatanthauza kuti mulibe mowa. Anthu ankayesa njira zonse zokanamiza. Wina ankatafuna mtedza wauwisi, wina masamba a mandimu, wina makala. Wina ankauzira cha m'mbali mwa kamwa ngati woimba chitoliro. Mnyamata wina wa kabaza anatumiza m'bale wake wobadwa naye mapasa ndi buku lake la kuchipatala, ndipo ndinamugwira chifukwa analibe chipsera cha pachigongono chimene ndinachiona sabata yathayo.

"Uli ndi maso iwe," anatero Mayi Khembo tsiku limenelo. Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba ngati mphatso. Kuyambira pamenepo ndinkadzuka ndi cholinga chimodzi, kugwira wabodza. Munthu akamwetulira kwambiri, ndinkati wamwa. Akakhala chete, ndinkati akubisa fungo. Akafika molawirira, ndinkati akufuna ayezedwe msanga kuti akamwe.

Mu Okutobala, mwezi wanga wachitatu, Lolemba lina kunabwera Bambo Alufandika. Anali msodzi wa kudambo, munthu wa imvi, mnzawo wa malemu bambo anga. Ndili mwana ankatibweretsera mlamba wowamba. Anabwera pa njinga atakwezedwa ndi mkamwini wawo, Zuze, amene anakwatira mwana wawo wamkazi ndipo ankakhala pakhomo pawo. Mkazi wa a Alufandika ankatcheza kachasu wa masau, ndipo m'dera lonse zinkadziwika kuti woyamba kulawa anali mwamuna wawo.

"Ha, si Maliko uyu?" anatero atandiona. "Mwana wa mnzanga wasanduka dokotala! Takhuta, zikomo kwambiri. Ndiye usandibaye kwambiri."

Anakhala pa mpando. Zuze anakhala pansi pafupi ndi chitseko, chipewa chili pa bondo, maso ali pansi, monga achitira mkamwini pamaso pa apongozi ake. Lamulo linali lakuti woperekeza azidikira panja. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze, koma Zuze anali wamkulu kwa ine ndi zaka khumi, ndipo anali atapalasa njinga dzuwa lonselo. Ndinangoti, "Khalani bwino, achimwene," n'kuyamba mafunso.

Oyambawo anayenda bwino. Dzina, mudzi, zaka. Mumamwa chiyani? "Tija ta amayi ako tija," kutanthauza kachasu wa mkazi wawo. Kangati? "Pang'ono, kuchotsa kuzizira kwa m'madzi." Ndinalemba. Kenako chala changa chinafika pa mzere wofiira.

Amene sanakulire kuno mwina sangamvetse. Khunyu kwathu si matenda otchula pamaso pa mkamwini. Anthu amati limayenda m'magazi, ndipo banja limene lamveka nalo, ana ake aakazi amavutika kukwatiwa, okwatiwa kale amayamba kuyang'anidwa mwina. Ine, mwana wa dzulo, ndifunse mnzawo wa bambo anga ngati anagwapo khunyu, mwamuna wa mwana wawo ali pomwepo? Ndinayang'ana manja awo. Anali phee pa mawondo, osanjenjemera. Sindinaganize kuti anali phee chifukwa anali atamwako kale m'mawa umenewo. Ndinadziuza kuti munthu wopalasa bwato pakati pa mvuu sangakhale wakugwa. Ndipo fomu yokhala ndi mipata sindinkafuna kuipereka kwa Mayi, amene anandilemba ntchito chifukwa cha kope lopanda mpata.

Pa funso lachisanu ndi chinayi ndinalemba ayi. Pa lakhumi ndinalembanso ayi, ndi zilembo zanga zokongola zija.

Tsikulo panali anthu ambiri. Mayi anawerenga fomu, kuwayeza BP, kucheza nawo pang'ono, n'kuwaika pa sitepe yoyamba. Anawauza kuti ayambe kuchepetsa ndipo abwere Lachinayi. Powaperekeza panja ndinafuna kuonetsa kuti nanenso ndine wa ntchito.

"Lachinayi muuzira kapolisi, bambo," ndinatero. "Sikanama. Mukamwa ngakhale kadontho, Mayi adziwa."

Kumwetulira kwawo kunazilala. "Akadziwa, ndiye Zomba?"

Ndinayenera kunena kuti ayi. M'malo mwake ndinaseka pang'ono, poganiza kuti mantha awathandiza.

Lachinayi kunatentha kuyambira m'mawa, kutentha kwa kuno koti ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Mayi Khembo anali kutsogolo, ku chipinda cha mankhwala, kuwerengera mapiritsi ndi anzawo, ndipo anandisiyira ntchito yoyeza anthu a gulu. Cha m'ma naini koloko Zuze anafika akukankha njinga. A Alufandika anali pa kaliyala atagwira mpando ndi manja onse. Potsika anadzandira. Malaya anali atanyowa ngati atuluka mumtsinje, maso ofiira, ndipo fungo la masau owola linafika kwa ine iwo asanafike.

Mumtima ndinati, ndamugwira.

Ndinaika kapaipi katsopano. Manja awo ankanjenjemera kwambiri moti ndinawagwirira ndine. Anauzira, kamakina kanalira, ndipo pagalasi panaoneka ziro.

Ndinasintha kapaipi, kuwauziritsanso. Ziro. Ndinatsegula kumbuyo kuona mabatire. Ndinaitana mmodzi wa gulu amene anali atavomera kale kuti wamwa m'mawa, ndipo kwa iye nambala inakwera. Kamakina kanali bwino.

"Mwatafuna chiyani, bambo?"

"Nkhabe, palibe, mwananga. Sindinadye kanthu."

"Tatsegulani pakamwa."

Ndinayang'ana ngati muli makala. Lilime linali louma, ndipo m'mbali mwake munali bala ngati lodziluma. Ndinaliona, koma sindinalifunse. Ine ndinkafuna makala. Ndinawapatsa madzi kuti achukuche, n'kuwauza kuti akhale pa benchi pansi pa nimu kwa theka la ola, ndiwayezenso. Ndinkafuna kuti Mayi akamabwera ndiwapatse nkhani yathunthu, njira yatsopano yonamizira kamakina imene ine ndaitulukira.

Ndinapitiriza kuyeza ena, diso limodzi lili pa benchi. A Alufandika anayamba kusasa thalauza lawo, kutola tinthu tosaoneka n'kutaya pansi.

"Linthumbu," ankatero. "Zuze, linthumbu landikwera."

Panalibe nyerere ngakhale imodzi. Kenako anakweza miyendo pa benchi n'kuloza pansi. "Ng'ona iyo! Kokani bwato!" A gulu anaseka. Mmodzi anati, "Madala awa asakaniza ndi fodya wamkulu." Ine ndinatenga failo yawo n'kulemba ndi pensulo pakona: mwina ndi chamba.

Zuze anabwera pa thebulo langa. Anawerama ngati akufuna kuona kamakina, n'kuyankhula motsitsa mawu.

"Achimwene, sanamwe."

"Nanga fungoli?"

"Ndi la malaya. Agona m'khitchini momwe amayi amatchezera. Chigubu ndinakwirira ndine kudimba, Lolemba lomwe lija. Anandituma okha. Akuti iwo ku Zomba sapita."

"Kuyambira Lolemba, osalawa?"

"Ngakhale kadontho. Si mmene munanenera?"

Ndinawerenga masiku ndi zala pansi pa thebulo. Atatu. Mawu a m'kope langa aja anadzuka n'kuima pamaso panga. Ndisanayankhe, kunamveka kukuwa, kenako benchi inagwa.

A Alufandika anali pansi, thupi lonse litauma, kenako linayamba kuphupha, mutu ukumenya dothi. A gulu anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi, chifukwa kuno ambiri amakhulupirira kuti thovu la wakugwa likakukhudza nawenso uyamba. Mayi wina anakuwa kuti tiwaike supuni mkamwa. Ine ndinathamanga. Sindikumbuka kudutsa pabwalo. Ndikumbuka ndili pakhomo la chipinda cha mankhwala ndikuti, "Mayi, agwa, a Alufandika agwa."

Mayi Khembo anafika ndi chikwama chawo asanandifunse chilichonse. Anakankhira benchi kutali, kuwagoneka cham'mbali, kupinda chitenje n'kuika pansi pa mutu. "Supuni ayi. Maliko, gwira apa, usawapanikize. Yang'ana wotchi, undiuze mphindi." Anawapatsa mankhwala oletsa kuphupha, kuwabaya chala kuyeza shuga ndi malungo, kuwamanga lamba wa BP. Kuphupha kutaleka tinawanyamula kulowa nawo mkati, ndipo anawaika dilipi. Anaimbira ambulansi. Kenako anakhala pa thebulo langa kuti alembe kalata yopita nayo ku chipatala cha boma, n'kutsegula failo.

Anawerenga kamodzi. Anaona pensulo yanga pakona. Anaika chala pa mzere wofiira.

"Dokotala akafuna kudziwa ngati aka n'koyamba. Apa walemba ayi." Anadzutsa mutu. "Unafunsa?"

Zuze anali panja akufunafuna nsapato ya apongozi ake. A Alufandika sankadziwa pamene anali. Panalibe wonditsutsa. Ndikanati eya, bodza likanakhala la nkhalamba, ndipo kumeneko aliyense ankadziwa kuti odwala amanama. Kunatsala masabata awiri kuti miyezi yanga itatu ikwane. Koma cholembera chinali kale pa kalata, ndipo chimene ndikananena ndicho dokotala akanawerenga.

"Sindinafunse, Mayi."

"Onse awiri?"

"Onse awiri. Ndinawauzanso kuti kapolisi kawagwira. Atafunsa za Zomba sindinawatsutse."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anandipatsa fomu ija m'manja.

"Pita ukafunse tsopano. Thamanga."

Ndinamupeza Zuze kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinamufunsa mafunso awiri aja monga analembedwera. Zuze anayang'ana nsapato imene inali m'manja mwake.

"Dzulo madzulo anagwa padoko," anatero. "Ndinawanyamula ndekha. Kale anagwanso kawiri, nthawi ya madzi ija, kusukulu kuja. Kachasu kunalibe kumeneko. Amayi anauza anthu kuti ndi malungo."

"Ndiye inu mumadziwa?"

"Ndinawanyamula ndine nthawi zonsezo. Koma iwo sadziwa kuti ndikudziwa. Akadzuka amapeza ali pamphasa, ife tili chete."

Kusukulu kuja ndi kumene ine ndinkalemba mayina ndi rula. Dzina lawo linali m'kope langa, banja la anthu asanu ndi awiri. Ndipo munthu amene ndinkaopa kuti angamve chinsinsi ndiye anali atachisenza pamsana katatu.

Mayi analemba zonse m'kalata. Ambulansi inafika dzuwa lili pamutu, ndipo Mayi anakwera nawo. Ine ndinatsala ndikudzutsa benchi. A gulu anabwerera mmodzimmodzi, koma palibe anakhala pamalo pamene panagwera nkhalamba.

Mawa lake ndinafika molawirira, nditavala malaya anga a kutchalitchi, kuti pochotsedwa ntchito ndichoke mwaulemu. Mayi anandiuza kuti a Alufandika anagwanso m'njira, koma ku wodi anali okonzeka chifukwa cha kalata, ndipo usikuwo anagona. Kenako anatulutsa fomu yatsopano n'kuiika patsogolo panga.

"Ukachita manyazi, siya mpata," anatero. "Mpata ndimauona, ndimafunsa ndekha. Ayi wako sindingamuone kuti ndi wabodza. Ndi wokongola kwambiri."

"Ndipite, Mayi?"

"Unandinamiza Lolemba. Lachinayi sunandinamize. Sindinadziwebe kuti ndiwe uti." Anandilanda kamakina ndi mafomu, n'kuwonjezera miyezi ina itatu yoyeserera. Miyezi iwiri yathunthu ntchito yanga inali kusesa, kukonza mabenchi ndi kukhala pakona kumvetsera iwo akufunsa. Fomu iliyonse imene ndinalemba chiyambire anaitulutsa, ndipo aliyense anafunsidwanso mafunso awiri aja. Ndinkaona anthu amene ndinawagwira mabodza akundiyang'ana pakona paja, ndipo mnyamata wa kabaza uja sanalephere kunena. "Apolisi, lero mwamangidwa ndinu?"

Pakona pomwepo ndinaphunzira mmene Mayi ankachitira. Sankathamangitsa woperekeza. Ankamupatsa ntchito. "Achimwene, tatithandizani kutunga madzi ku mjigo." Munthu akatuluka, ankatseka chitseko, kukoka mpando kukhala pambali pa wodwala, osati kutsogolo kwake, n'kufunsa akuyang'ana pepala. Pambuyo pake ankatuluka kukafunsa woperekeza payekha, ndipo mayankho awiriwo akasiyana, ankakhulupirira owopsawo.

A Alufandika anakhala m'chipatala masiku asanu ndi atatu. Atatuluka anaikidwa pa sitepe yachiwiri, kubwera m'mawa uliwonse, Zuze akupalasa. Tsiku loyamba ndinabisala kuseri ndi tsache. Lachiwiri anandiitana okha.

"Dokotala wanga, ukundithawa?"

Ndinagwada pafupi ndi benchi. "Bambo, ndinakulakwirani. Sindinakufunseni."

Anayang'ana kumene kunali Zuze, amene ankapopa njinga patali. "Ukanafunsa uja ali pomwepo, ndikanakana," anatero. "Ukanamutulutsa, kaya. Mwina." Anatembenukira kwa ine. "Koma za Zomba zija, ukanangondiuza zoona. Masiku atatu amene aja, mwananga, sindinaonepo."

Patapita miyezi iwiri anatsikira pa sitepe yoyamba, ndipo ine Mayi anandibwezera mafomu ndi kamakina. Nthawi ya Khirisimasi anamwanso. Anabwera Lachinayi lotsatira, kuuzira kamakina, nambala n'kukwera. Anandiyang'ana ndi mantha aja. Ndinawauza kuti palibe galimoto ya ku Zomba, kuti asasiye okha kunyumba, ndipo tinalowa kwa Mayi kukayambanso.

Ndakhala pa ntchitoyi zaka zinayi tsopano. Kukayikira sindinasiye, ndipo sindikuganiza kuti munthu angaigwire osakayikira. Anthu amatafunabe mtedza. Koma munthu akabwera akununkha, nambala n'kukwera, mtima wanga sugunda. Ameneyo ndikudziwa pamene ali. Amene amandiimitsa ndi wa thukuta, wa manja onjenjemera, amene pagalasi pamaoneka ziro. Ndikaona ziro wotero ndimasiya kamakina pa thebulo, kutuma woperekeza ku mjigo, kutseka chitseko, n'kutulutsa fomu. Ndisanakayikire wodwala, ndimayamba ndayang'ana pa mzere wofiira kuti ayi ameneyo analemba ndani.